Momwe mungasamalire nkhani ya kavalidwe ka amayi kuntchito popanda kupotoza kaunikidwe ka ntchito yawo

Oyang'anira anzawo pantchito ambiri amatha kulemba malipoti, kugawa ntchito ndi kuyendetsa misonkhano bwinobwino, koma akangouzidwa kuti mayi wina m'gulu lawo akuvala zoonetsa thupi, amasowa pogwira. Ena amangokhala chete kwa miyezi yambiri manong'onong'o ali mkati, kenako nthawi younika ntchito ikafika amamuchepetsera malikisi mayiyo osamuuza chimene walakwa. Ena amapupuluma n'kumudzudzula pamaso pa anzake, ndipo ulemu umene unalipo pakati pawo umathera pomwepo. M'njira zonse ziwirizi, siketi kapena bulauzi ndi imene yaweruzidwa, pomwe ntchito ya munthuyo palibe amene waiyang'ana. Malangizo otsatirawa alembedwera mamanijala, akuluakulu oona za ogwira ntchito ndi aliyense amene amakhala m'gulu lofunsa mafunso anthu ofuna ntchito, kuti nkhani ya zovala izikambidwa payokha ndipo ntchito iziyesedwanso payokha.

## Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Chikalata chofotokoza ntchito ya munthu aliyense, chimene anasainira polembedwa ntchito.
- Malamulo a dziko lanu oletsa tsankho ndi nkhanza pantchito, pamodzi ndi mgwirizano uliwonse umene munapangana ndi bungwe la ogwira ntchito.
- Malamulo a kavalidwe amene alipo kale pamalo panu, ngakhale atakhala akale kapena osamveka bwino.
- Fomu younikira ntchito yokhala ndi malo olembapo umboni, osati malikisi okha.
- Chipinda chimene anthu a panja sangamve zokambidwa mkati.
- Munthu wachiwiri wodziwa kusunga chinsinsi, makamaka wamkazi, woti adzakhalepo pokambirana.
- Fayilo yachinsinsi yosungiramo madandaulo ndi zimene mwagwirizana.

Ngati chikalata chofotokoza ntchito palibe, yambani mwalemba chimenecho, chifukwa pamene ntchito ya munthu sinalembedwe, wounika amadzaza mpatawo ndi zimene maso ake aona.

## Gawo 1: Yambani mwadziunika nokha

Anthu ambiri amakhulupirira kuti iwo saona nkhope, ndipo kuti zovala za munthu sizingasinthe maganizo awo pa ntchito yake. Musadzidalire chotero. M'chaka cha 2005, Peter Glick ndi anzake a pa Lawrence University ku America anaonetsa anthu vidiyo ya mayi mmodzi yemweyo, ena atamuona atavala mwa ofesi, ena atavala zokopa maso. Gulu lina linauzidwa kuti mayiyo ndi manijala, lina linauzidwa kuti ndi wolandira alendo. Amene anamuona ngati manijala atavala zokopa anamuyesa wanzeru zochepa ndiponso wosadziwa bwino ntchito, pomwe kwa wolandira alendo zovalazo sizinasinthe kanthu. Mu 2015, Neil Howlett, Karen Pine ndi anzawo a pa University of Hertfordshire ku Britain anachita kafukufuku wofanana pogwiritsa ntchito zithunzi zobisika nkhope, ndipo iwo anangosintha zinthu zazing'ono kwambiri: siketi inakwera pang'ono pamwamba pa bondo ndipo batani limodzi la bulauzi linamasulidwa. Ngakhale zinali choncho, mayi amene anatchedwa manijala wamkulu analandira malikisi otsika, wolandira alendo osakhudzidwa.

Mayi wa m'vidiyo uja sanachepe nzeru posintha bulauzi. Chimene chinasintha ndi mutu wa oonerera, ndipo chinasintha kwambiri pamene udindo unali waukulu. Choncho malo oyenera kuchenjera kwambiri ndi posankha wokwezedwa pa udindo.

Tengani mafomu amene munadzaza chaka chatha ndipo muwerengenso zimene munalemba za amayi a m'gulu lanu. Dulani mzere pansi pa mawu monga akuti “saoneka ngati mtsogoleri”, “sadzilemekeza” kapena “alibe khalidwe la mu ofesi”, kenako pa mawu alionse mudzifunse kuti ndi ntchito iti yeniyeni imene inalephereka. Ngati simukupeza lipoti lochedwa, kasitomala wodandaula kapena chiwerengero cholakwika, ndiye kuti munalemba za maonekedwe ake.

Chenjezo: musaganize kuti kuika mayi m'gulu lounika kumathetsa vutoli. Pa kafukufuku wa mu 2015 uja, onse amene ankapereka malikisi anali amayi.

## Gawo 2: Lembani zifukwa za ntchito zofunira lamulo la kavalidwe

Musanalembe chimene chiloledwe kapena kuletsedwa, lembani chifukwa chake, ndipo chifukwacho chichokere m'ntchito imene imagwiridwa. Chitetezo ndi chifukwa chomveka: pafupi ndi makina ozungulira chovala cholendewera chimakodwa, ndipo mu labotale mumafunika nsapato zotseka zala ndi zovala zovindikira khungu. Ukhondo ndi chifukwa china, monga m'chipatala. Palinso malo amene makasitomala ayenera kuzindikira msanga wogwira ntchito, kapena pamene munthu akuimira bungwe pamaso pa anthu akunja, monga m'khoti kapena pamsonkhano wa zamalonda.

Chifukwa chimene simuyenera kuchilandira ndi chakuti “amuna akusokonezeka”. Mwamuna amene akulephera kuika mtima pa ntchito chifukwa cha zovala za mnzake ali ndi vuto la kudziletsa, ndipo woyenera kuitanidwa ndi iyeyo. Lamulo lolembedwa pa maziko amenewa limaphunzitsa ofesi yonse kuti mayi ndiye ayenera kuyankha pa maganizo a amuna, ndipo zikatero mudzavutika kwambiri pa Gawo 8.

## Gawo 3: Lembani lamulo lomveka, lokhudza amuna ndi akazi omwe

Mawu oti “aliyense azivala modzilemekeza” amamveka bwino, koma sathandiza aliyense, popeza munthu aliyense amawamasulira molingana ndi kumene anakulira, chipembedzo chake ndi msinkhu wake. Lembani za chovala chimene munthu angachione ndi kuchiyesa yekha pagalasi asananyamuke kunyumba. Mwachitsanzo, mungalembe kuti zovala zisaonekere mkati ndipo zisaonetse zovala zamkati. Kuti malaya ndi mabulauzi azivindikira chifuwa, mimba ndi msana munthu ataimirira, atakhala pansi kapena atawerama. Ndi kuti masiketi, madiresi ndi makabudula azifika m'mawondo, ngati ntchito yanu ikufunadi zimenezo. Mizere imeneyi ikhudze onse. Mwamuna wovala buluku mokhwefula mpaka kabudula wamkati kuonekera, kapena womasula mabatani mpaka pamimba, waphwanya lamulo lomwelo.

Chenjezo: ambiri poletsa zoonetsa thupi amagwera mbali ina, n'kuyamba kulamula amayi kuti azioneka mokongola mwa njira imene abwana akonda. Mu Disembala 2015, Nicola Thorp anabwezedwa kunyumba popanda malipiro pa tsiku lake loyamba ngati wolandira alendo mu ofesi ina ku London, chifukwa chokana kuvala nsapato za gogoda. Pempho lake lopita ku nyumba ya malamulo linasainidwa ndi anthu oposa 150,000, ndipo mu 2018 boma la Britain linatulutsa malangizo onena kuti sikofunika kuti malamulo a kavalidwe a amuna ndi akazi akhale ofanana ndendende, koma muyeso wake uzikhala wolingana. Ku Japan, Yumi Ishikawa anayambitsa mu 2019 kampeni yotsutsa kukakamiza amayi kuvala gogoda kuntchito. Kale kwambiri izi zisanachitike, Ann Hopkins ku America anakanizidwa udindo waukulu pa kampani ya Price Waterhouse, n'kulangizidwa kuti aziyenda, azilankhula ndi kuvala mwachikazi, azidzola zodzikongoletsera ndi kuvala ndolo ndi mikanda. Mu 1989 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kuweruza wogwira ntchito potengera mmene anthu amaganizira kuti mkazi ayenera kukhalira ndi tsankho.

Nkhani zimenezi n'zofunika kuziwerenga pamodzi ndi kafukufuku wa pa Gawo 1, chifukwa zikuonetsa mmene mayi amapanikizidwira mbali zonse: akavala zokopa amayesedwa wopanda nzeru, akapanda kudzikongoletsa amanenedwa kuti sakukwanira. Lamulo lanu limutulutse m'khwekhwe limeneli pomuuza malire omveka, kenako n'kumusiya asankhe yekha mkati mwa malirewo.

## Gawo 4: Funsani ogwira ntchito, kenako lengezani

Perekani zimene mwalemba kwa ogwira ntchito a magulu onse, achinyamata ndi achikulire, ndipo mumve maganizo awo lamulo lisanayambe kugwira ntchito. Iwo ndi amene angakukumbutseni za amayi oyembekezera, anthu olumala, zovala za chipembedzo ndi nyengo yotentha m'zipinda zopanda mpweya wokwanira. Mukamaliza, lengezani kwa onse nthawi imodzi ndipo mupereke masabata angapo kuti anthu akonzekere, popeza kugula zovala kumafuna ndalama. Wolembedwa ntchito kumene azilandira lamuloli asanafike tsiku loyamba.

Chenjezo: musalengeze lamulo latsopano mawa lake pambuyo pa tsiku limene anthu amanena za mayi wina. Aliyense adzadziwa amene mukumunena, ndipo mudzakhala mwamuyalutsa ngakhale simunatchule dzina.

## Gawo 5: Tsekani njira zimene zovala zimalowera m'malikisi

Apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo ambiri amapadumpha poganiza kuti lamulo la kavalidwe likalembedwa zonse zatha. Munthu akaona chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa kapena kumunyansa mwa mnzake, maganizo amenewo amafalikira pa zina zonse. Edward Thorndike anazindikira zimenezi mu 1920 poona mmene akuluakulu a asilikali ankaperekera malikisi kwa anyamata awo: amene ankayamikiridwa pa maonekedwe a thupi ankayamikiridwanso pa nzeru, utsogoleri ndi khalidwe. Kungodziuza kuti “ndichita chilungamo” sikokwanira, choncho konzani ndondomeko yoti maganizowo asapeze polowera.

Choyamba, gwirizanani mfundo zoyesera musanaone munthu aliyense. Ngati mukufuna wowerengera ndalama, lembani luso limene mukufuna ndi kulemera kwa mfundo iliyonse, ndipo musadzawonjezere mfundo ina mutatha kuona ofunsirawo. Chachiwiri, chotsani zithunzi pa makalata ofunsira ntchito asanafike kwa osankha, ndipo pamene kungatheke perekani ntchito yoyeserera imene idzawerengedwa ndi nambala m'malo mwa dzina. Magulu ambiri oimba ndi zida ku America anayamba kale, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kuyesa ofuna kulowa gulu ali kuseri kwa nsalu yotchinga, ndipo ena ankayala kapeti kuti kulira kwa nsapato kusaulule ngati akubwerayo ndi mkazi. Si ntchito zonse zimene zingayesedwe kuseri kwa nsalu, komabe lipoti, pulani kapena chiwerengero zingathe kuwerengedwa mwini wake asakuoneka.

Chachitatu, pa mafunso apamaso funsani onse mafunso omwewo, motsatana mofanana, ndipo aliyense wa m'gulu alembe malikisi ake payekha musanayambe kukambirana. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa wofunsidwa akangotuluka, mawu oyamba kulankhulidwa ndi amene amatsogolera zokambirana zonse, ndipo kawirikawiri mawuwo amakhala akuti “mwaona mmene anavalira?” Wapampando akhale ndi udindo wodula nkhani yotere pomwepo ndi kubweza gulu ku mayankho amene alembedwa.

Chachinayi, pounika ntchito ya pachaka, pasakhale malikisi opanda umboni. Ngati mwalemba kuti mayi wina satsogolera bwino, tchulani msonkhano, ntchito kapena chiganizo chimene sichinayende. Kenako dzifunseni ngati mukanalemba zomwezo munthuyo akanakhala mwamuna wopereka zotsatira zofanana.

Chenjezo: mafomu ambiri ali ndi mzere wa “maonekedwe” kapena “khalidwe la pantchito”, ndipo mzere umenewu ndi umene oyang'anira amabisamo chilango cha zovala. Ngati simungathe kuuchotsa, ulembeni mofuna yankho la inde kapena ayi pa kutsatira lamulo lolembedwa, ndipo usakhale ndi mphamvu yotsitsa malikisi a luso.

## Gawo 6: Dandaulo likabwera, lisefeni kaye

Munthu akabwera kudzadandaula za kavalidwe ka mnzake, mufunseni kuti ndi mzere uti wa lamulo umene waphwanyidwa, liti ndiponso kangati. Madandaulo ena amachokera ku nsanje, mkangano wakale kapena chikhulupiriro cha wodandaulayo, ndipo ofesi si malo okakamizirapo ena chikhulupiriro. Ngati palibe mzere umene waphwanyidwa, nkhani ithere pomwepo, ndipo mumuuze wodandaulayo kuti simukuyembekeza kuimvanso m'makonde.

Chenjezo: chovala chimodzimodzi chimakhala mosiyana pa matupi osiyana. Mayi wonenepa kapena wa chifuwa chachikulu amanenedwa kawirikawiri ngakhale atavala zofanana ndi anzake onse. Yesani chovalacho ndi lamulo, ndipo ngati chikukwanira, thupi la munthu si mlandu. Musajambule chithunzi ngati umboni, ndipo musalole wina aliyense kutero.

## Gawo 7: Kambiranani naye mwamseri

Lamulo likaphwanyidwadi, musachedwe ndipo musatume mnzake kukamunong'oneza. Muitaneni m'chipinda chija, makamaka chakumapeto kwa tsiku kuti asakhale maola ambiri akudziona ngati aliyense akumuyang'ana. Woyang'anira wamwamuna asakambe nkhaniyi ali awiriwiri ndi mayiyo. Pakhale munthu wachiwiri uja, ndipo mayiyo auzidwe chifukwa chake alipo. Ikani lamulo lolembedwa patebulo ndipo mulankhule za chovala, osatchula ziwalo za thupi lake. Mungayambe motere: “Mayi, ndakuitanani pa nkhani yaing'ono ya lamulo lathu la kavalidwe, ndipo siikukhudza ntchito yanu. Mzere uwu umafuna kuti zovala zisaonekere mkati, ndipo bulauzi ya lero ikuoneka kuti siikugwirizana nawo. Kodi pali chimene chikukuvutani pa lamuloli chimene ndiyenera kuchidziwa?”

Mukafunsa, khalani chete ndi kumvetsera. Mwina sanalandire lamulolo, mwina thupi lasintha chifukwa cha pakati kapena matenda, mwinanso ndalama zogulira zina palibe pakali pano. Gwirizanani tsiku limene zinthu zisinthe, lembani mwachidule m'fayilo yachinsinsi, ndipo nkhaniyi isadzatulukenso pounika ntchito yake ngati wasintha. Kumubweza kunyumba kukhale kwa pamene pali ngozi yeniyeni, monga pafupi ndi makina.

Pewani mawu monga akuti “mukutiyesa”, “mukufuna kukopa ndani?” kapena “mayi wapabanja savala chonchi”. Mawu amenewa akunena za khalidwe lake la kuseri, limene silikukukhudzani, ndipo angathe kukhala maziko a dandaulo la nkhanza lotsutsana ndi inuyo.

Nthawi zina mayi wachitsikana amene akufuna kukwera pa udindo amafunsa yekha ngati kavalidwe kake kangamubweze m'mbuyo. Muuzeni zoona, kuti kafukufuku akuonetsa kuti anthu ambiri amaweruza motero, makamaka pa maudindo akuluakulu, ndi kuti kuweruza koteroko n'kolakwika ngakhale kuli kofala. Kumubisira zimenezi sikumuthandiza, koma chosankha chikhale chake.

## Gawo 8: Musalole kuti zovala zikhale chodzikanira pa nkhanza

Mayi akadandaula kuti wina akumugwiragwira, kumutumizira mauthenga olaula kapena kumunena za thupi lake, funso la zimene anavala lisafunsidwe n'komwe, ndipo wodandaulidwayo akalidzutsa, lisalembedwe ngati chifukwa chochepetsera mlandu. Pangano nambala 190 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene linavomerezedwa ku Geneva mu 2019, limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito pamalo popanda chiwawa ndi nkhanza, kuphatikizapo zochitidwa kwa munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Ufulu umenewu suchepa chifukwa cha kutalika kwa siketi.

Chenjezo: ngakhale mayiyo atakhala kuti anaphwanyadi lamulo la kavalidwe, musakambe nkhani ziwirizi pa msonkhano umodzi kapena m'sabata imodzi. Mukatero, iye ndi amayi ena onse adzamva kuti wodandaula amalangidwa, ndipo madandaulo adzasiya kukufikani pomwe nkhanzazo zikupitirira.

## Zolakwa zofala

Cholakwa chimene chimapezeka kwambiri ndi kulanga mwakachetechete. Woyang'anira sanena kanthu, koma amasiya kumutuma mayiyo ku misonkhano ya makasitomala akuluakulu, samutchula posankha opita ku maphunziro, ndipo pakapita zaka amadabwa kuti mayiyo alibe luso lokwanira kukwezedwa. Nkhani imene ikanatha ndi kukambirana kwa mphindi zochepa imamudyera munthu tsogolo lake, bungwe n'kutaya waluso.

Palinso kukondera kwa mbali inayo, kumene sikukambidwa kawirikawiri: kupereka malikisi okwera, maulendo kapena udindo kwa mayi chifukwa choti maonekedwe ake akusangalatsa abwana. Kumeneku n'kupotoza komweko, ndipo kumamupweteka mayiyo chifukwa anzake sadzakhulupiriranso kuti anakwera ndi ntchito yake, ngakhale atakhala waluso ndithu.

Ena amagwiritsa ntchito lamulo mosankha, kulimbitsa kwa achitsikana ndi a maudindo aang'ono pomwe akuluakulu ndi amuna akuvala mmene akufunira. Ena amalola dandaulo la kasitomala mmodzi kusintha lamulo la onse, osafufuza ngati kasitomalayo sanali woyamba kulankhula zosayenera. Palinso mabungwe amene amaletsa zoonetsa thupi m'malamulo awo, koma n'kumasoketsa yunifolomu yothina kapena yaifupi ya amayi ogulitsa ndi olandira alendo ati pofuna kukopa makasitomala. Ngati muli ndi yunifolomu, ikhale ya masaizi onse, amayi amene adzaivale aiyese kaye ataimirira, atakhala ndi atawerama, ndipo pakhale mwayi wosankha pakati pa siketi ndi buluku.